Samuel Beckett ndi ntchito yowerengera zimene zatsala

Zolemba za Samuel Beckett, mlembi wa masewero ndi nthano wa ku Ireland, zimene ambiri m'kalasi amazitcha zouma ndi zopanda mutu, zili ndi khomo lolowera, ndipo khomo lake ndi lotsika kwambiri: kuwerengera katundu. Munthu ukasiya kufunsa kuti mkuluyu akutanthauzanji, n'kuyamba kufunsa kuti pa siteji pali chiyani, chachoka n'chiyani, chatsala n'chiyani, masewero ake ndi nthano zake zazitali zimayamba kuyenda mwadongosolo loti ukhoza kulilemba papepala. M'sewero lake lotchuka, Waiting for Godot, amuna awiri, Vladimir ndi Estragon, amadikira pafupi ndi kamtengo munthu wotchedwa Godot, amene sabwera koma amangotuma mnyamata kudzanena kuti abwera mawa. Ena mwa inu munadutsamo kale m'zimenezo, mpaka munalembapo mayeso.

Mfundoyi inachokera kwa mwini wake. Beckett anabadwira ku Foxrock, kunja kwa mzinda wa Dublin, pa 13 Epulo 1906. Anaphunzira Chifalansa ndi Chitaliyana ku Trinity College Dublin, ndipo mu 1928 anapita ku Paris kukaphunzitsa Chingerezi ku École Normale Supérieure. Kumeneko anakumana ndi James Joyce, mlembi wamkulu wa kwawo ku Dublin, amene nthawi imeneyo anali pakalikiliki kulemba buku lomwe linadzatuluka mu 1939, Finnegans Wake. Joyce anali munthu wowonjezera. Osindikiza akamutumizira mapepala kuti aone zolakwika, iye ankathiramo mawu ena, ziyankhulo zina, nthano zina. Zolemba zoyamba za Beckett zili ndi fungo lomwelo. Ndakatulo yake ya 1930 yonena za Descartes, katswiri wa filosofi wa ku France, inafunika kuiikira mawu ofotokozera kuti anthu aimve, ndipo nkhani zazifupi za mu More Pricks than Kicks, za 1934, ndi za mnyamata amene akufuna udziwe kuti anawerenga Dante, mlakatuli wakale wa ku Italy.

Kusintha kunabwera nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha, mu 1945, atapita kukaona mayi ake ku Foxrock. Atakalamba anauza James Knowlson, amene analemba mbiri ya moyo wake, kuti ali m'chipinda cha mayi akewo anazindikira kuti njira yodziwa zambiri ndi yowonjezera Joyce anali ataiyenda mpaka pothera pake, moti wina analibenso poponda. Njira yake inayenera kukhala ya kusauka, ya kusadziwa, ya kuchotsa. Nkhani imeneyi ambiri amaitchula mongodutsa ngati kokometsera phunziro. Ine ndikuti amenewo ndiwo malangizo a kawerengedwe. Mlembi akanena kuti ntchito yake ndi kuchotsa, wowerenga ayenera kudziwa zimene zinalipo poyamba, apo ayi sangaone chimene chachoka.

Choyamba kuchoka chinali Chingerezi chenichenicho. Kuyambira 1946 anayamba kulemba m'Chifalansa, ponena kuti m'chiyankhulo chimenecho n'kosavuta kulemba popanda zokometsera. Pakati pa 1946 ndi 1950 analemba nthano zitatu zazitali, Molloy, Malone Dies ndi The Unnamable, zonse m'Chifalansa poyamba, ndipo Waiting for Godot analilemba mu kope wamba la ana a sukulu kuyambira pa 9 Okutobala 1948 kufika pa 29 Januwale 1949. Suzanne Déchevaux-Dumesnil, amene anadzakwatirana naye mu 1961, ndiye ankayenda ndi mapepalawo kwa osindikiza mpaka Jérôme Lindon wa ku Éditions de Minuit anawalandira. Molloy inatuluka mu 1951, ndipo Godot anaonetsedwa koyamba pa 5 Januwale 1953 ku Théâtre de Babylone, motsogozedwa ndi Roger Blin.

Njira yake ndi iyi. Tengani pepala, mujambule mizere iwiri yotsika kuti pakhale magawo atatu. Gawo loyamba lembani chinthu chilichonse chogwirika chimene chatchulidwa, kaya m'malangizo a pa siteji kapena m'kamwa mwa mtengambali: nsapato, chipewa, chingwe, karoti. Gawo lachiwiri lembani zimene thupi la mtengambali aliyense likutha kuchita: kuona, kuyenda, kukhala pansi, kuyankhula, kukumbukira. Gawo lachitatu ndi la tsamba limene chinthucho chatha, chasowa kapena chafooka. Musalembemo tanthauzo lililonse, ngakhale dzanja likuyabwa bwanji. Mukafika kumapeto muwerenge gawo lachitatu lokha kuchokera pamwamba kutsika. Amenewo ndiye tsatanetsatane wa nkhani amene mumati palibe. Zili ngati mwini okala amene amawerengera katundu wake madzulo aliwonse koma sapitanso kukaoda wina.

Yesani pa Godot muone. M'gawo loyamba la seweroli Estragon akapempha karoti, Vladimir amafufuza m'matumba, n'kupeza mmodzi, n'kumuchenjeza kuti adye mosamala chifukwa ndi womaliza. M'gawo lachiwiri karoti palibe, pali radishi wakuda amene Estragon amamubweza chifukwa amakonda wofiirira. Pozzo, munthu wodutsa amene akuyendetsa wantchito wake Lucky ndi chingwe cha pakhosi, amafika ndi nkhuku, botolo la vinyo, kampando, chikwapu, kaliwo wosutira fodya, kabotolo kopopera kukhosi ndi wotchi imene anapatsidwa ndi agogo ake. Gawo loyamba lisanathe, kaliwo wasowa, kabotolo kasowa, wotchi yasowa. Akabweranso m'gawo lachiwiri ndi wakhungu, Lucky ndi wosayankhula, ndipo malangizo a pa siteji amanena mwachindunji kuti chingwe cha pakhosi pa Lucky chafupika kwambiri. Ngakhale mnyamata wobweretsa uthenga uja amakana kuti anabwerako dzulo. Pomaliza Estragon amamasula chingwe chomangira buluku lake kuti ayese ngati chingakwane kudzimangirira, buluku n'kugwa, chingwe n'kuduka. Wounika zolemba Vivian Mercier analemba mu nyuzipepala ya Irish Times mu 1956 kuti m'seweroli palibe chimene chimachitika, kawiri. Mawuwo ndi okoma kubwereza ndipo ophunzira amawaloweza msanga, koma pepala lowerengera likuonetsa kuti ulendo wachiwiriwo anthu amalowamo ndi katundu wochepa ndipo amatulukamo ndi wocheperanso. Ngakhale mawu otsekera amasinthana: m'gawo loyamba Estragon ndiye amafunsa ngati azipita, Vladimir n'kuvomera, m'gawo lachiwiri wofunsa ndi Vladimir. Maulendo onse awiri palibe amene amasuntha phazi.

Pamene ndinaona kuti njirayi ili m'magazi a mlembiyo ndi pa miyala ya Molloy. Molloy amatola miyala 16 kugombe la nyanja yoti azimung'unya, ndipo ali ndi matumba 4: awiri a chikhothi, awiri a buluku. Amayamba ndi kuika miyala 4 m'thumba lililonse. Akatenga mwala m'thumba lamanja la chikhothi, amabwezeretsamo wina kuchokera m'thumba lamanja la buluku, umenewonso n'kuubwezeretsa ndi wa kumanzere kwa buluku, kenako wa kumanzere kwa chikhothi, ndipo wa m'kamwa umakatsekera pomwe patsala mpata. Vuto ndi loti dzanja likalowa m'thumba silisankha, ndiye n'kutheka kuti miyala 4 yomweyomweyo ndiyo ikuzungulira, ina 12 osalawidwa. Kukhala ndi matumba 16 kukanathetsa nkhani, koma alibe. Yankho limene amapeza ndi losiya kugawa mofanana: miyala 6 m'thumba lamanja la chikhothi, 5 kumanja kwa buluku, 5 kumanzere kwa buluku, ndipo thumba lamanzere la chikhothi likhale lopanda kanthu. Amamung'unya 6 ija umodziumodzi, uliwonse n'kuuponya m'thumba lopanda kanthu lija. Thumba loyamba likatha amasuntha magulu onse kamodzi, 5 ya kumanja kwa buluku n'kukwera m'chikhothi, ya kumanzere n'kupita kumanja, 6 yomung'unyidwa kale n'kutsikira m'buluku kumanzere. Akachita zimenezi maulendo atatu, miyala yonse 16 yadutsa m'kamwa kamodzikamodzi. Yeserani ndi nyemba patebulo, masamu ake ndi olondola. Ndiye atavutika masamba angapo, amadandaula kuti thupi likulemera mbali imodzi, amati kwenikweni zinalibe naye ntchito, amataya miyala yonse kupatula umodzi, ndipo umenewonso amadzausowetsa. Kuchoka pa 16 kufika pa 1, kenako 0. Amene angodumpha masamba amenewa poganiza kuti ndi nthabwala yotayitsa nthawi, wadumpha phunziro lonse.

Mbewu yake inalipo kale mu Murphy, buku la 1938, nkhondo isanayambe. Murphy ali ndi mabisiketi 5 a nkhomaliro. Amadya imene amaikonda kwambiri pomalizira, ndipo yosadziwika dzina, imene amaikayikira, amayambira. Zikatero atatu apakati okha ndi amene angasinthane malo, ndiye njira zodyera ndi 6. Atasiya kudana ndi yoyambayo njira zikanakhala 24, ndipo atasiyanso kukondera yomalizayo zikanafika 120. Apa Beckett akusewerabe ndi kuchulukitsa, akadali mwana wa Joyce. Zaka khumi zisanakwane masamu omwewo atembenuka, akuyang'ana pansi.

M'nthano zitatu zazitali zija gawo lachiwiri la pepala lanu, la thupi, ndi limene limadzaza. Molloy amayamba ndi njinga ndi ndodo zoyendera, mwendo umodzi wouma. Njinga imatsala, mwendo winawo umauma, amatsiriza akukwawa m'nkhalango mpaka kugwera mu dzenje. Moran, amene watumidwa kukamufuna m'gawo lachiwiri la bukulo, amanyamuka ali ndi nyumba, mwana, nkhuku ndi njuchi, n'kubwerako bondo litauma, mwana atamuthawa, njuchi zitafa. Malone ali pabedi basi, ndi ndodo yokokera zinthu, kope ndi kapensulo kamene kakunka kafupika. Ndodoyo imamupulumuka. Ndipo taonani: mmodzi mwa mapulani ake asanafe ndi kulemba mndandanda wa katundu wake yense. Mtengambali akuchita ndendende zimene ndikukuuzani kuti muchite. Mu The Unnamable mwatsala mawu okha, ndi nkhani ya Mahood, wopanda manja ndi miyendo, amene amakhala mu mtsuko panja pa malo odyera. Njinga, ndodo, bedi, mtsuko. Ndikanakhala wolemba mayeso ndikanangofunsa funso limodzi limeneli, la zimene mpangankhani akuyendera m'buku lililonse, n'kusiya pomwepo.

Endgame, ya 1957, ndiye imachita kukulemberani yokha gawo lachitatu. Hamm ndi wakhungu ndipo sangathe kuimirira, Clov sangathe kukhala pansi, Nagg ndi Nell, makolo a Hamm, alibe miyendo ndipo amakhala m'mabini a zinyalala. Mawindo awiri ali pamwamba moti Clov amafuna makwerero kuti asuzumire. Galu ndi chidole cha miyendo itatu. Mawu akuti "kulibenso" amabwera mobwerezabwereza: mawilo a njinga, phala, maswiti, mabulangete, mabokosi a maliro. Chimene chimandigwira ndi mankhwala opha ululu. Hamm amafunsa kangapo ngati nthawi yomwa mankhwala yakwana, Clov n'kumati ayi. Ulendo womaliza amavomera kuti yakwana, kenako n'kumuuza kuti mankhwalawo anatha. Wowerenga amene sanalembe mafunso oyambawo saumva kulemera ulendo womalizawu. Kumapeto Hamm mwini amataya ngowe yake, galu ndi wenzulo yoitanira Clov, n'kutsala ndi mpango wokha.

Happy Days, imene inayambira ku New York mu 1961, ndi yosavuta kwambiri kuiwerengera, n'chifukwa chake ndikanakonda anthu aziyambira pamenepa osati pa Godot. Winnie wakwiriridwa m'dothi mpaka m'chiuno. Belu limamudzutsa. Ali ndi chikwama chakuda, ndipo tsiku lake lonse ndi kutulutsamo zinthu mwadongosolo: mswachi, mankhwala otsukira mano amene akutha, kagalasi, magalasi a maso, botolo la mankhwala limene amalimaliza n'kuliponya, zopaka pamilomo zimenenso zikutha, chipewa, kamfuti. Ambulera imayaka moto ili m'manja mwake. M'gawo lachiwiri dothi lafika m'khosi. Chikwama chili pomwepo koma manja palibe, ndiye amawerengera zimene maso angaone pa nkhope yake yomwe: nsonga ya mphuno, milomo, lilime akalitulutsa. Kamfuti kaja kali poonekera pa mulu wa dothiwo, ndipo Willie, mwamuna wake, akamakwawa kukwera muluwo atavala bwino, seweroli silinena ngati akufuna nkhope ya mkazi wake kapena mfutiyo.

Mukayala masewero onse motsatana zaka, kuchotsako kumaoneka pa moyo wake wonse wa ntchito. Mu Play, ya 1963, muli mitu itatu yotulukira m'mitsuko itatu, ndipo aliyense amayankhula pokhapokha nyali ikamuwalira pankhope. Seweroli likatha limabwerezedwa lonse. Breath, ya 1969, chaka chimene analandira mphoto ya Nobel, imatenga masekondi pafupifupi 35: zinyalala pa siteji, kulira kwa khanda, mpweya wolowa kwa masekondi 10 kuwala kukukwera, kuima masekondi 5, mpweya wotuluka masekondi 10 kuwala kukutsika, kuliranso. Not I, ya 1972, ndi pakamwa pokha, pamtunda wa mafiti 8 kuchokera pa siteji, pakuyankhula mothamanga kwa mphindi pafupifupi 15 mu mdima wa ndiweyani. Mayi wa zisudzo Billie Whitelaw atasewera ku Royal Court ku London mu 1973 ankamumangirira pampando, mutu utapanidwa kuti milomo isatuluke m'kadontho ka kuwalako. Mu Footfalls, ya 1976, May amayenda masitepe 9 kupita, 9 kubwerera, pa kanjira ka mita imodzi m'lifupi. Gawo lililonse belu limamveka motsikirapo, kuwala kumachepa, ndipo gawo lomaliza pa kanjirako palibe munthu. Quad, imene anaikonzera wayilesi ya kanema ku Stuttgart mu 1981, ilibe mawu ngakhale amodzi: anthu 4 ovala mikanjo ya mitundu yosiyana akuyenda m'mbali ndi mopingasa pa bwalo la ngodya zinayi, aliyense akulambalala pakati.

Izi zimafotokozanso chifukwa chake anali wovuta kwa otsogolera masewero, nkhani imene ena amaitenga ngati kuuma mtima kwa nkhalamba. Pamene zinthu zatsala zitatu, kuwonjezera chachinayi ndi kulemba sewero lina. Wounika masewero Kenneth Tynan ataika Breath m'chionetsero chake ku New York mu 1969, pakati pa zinyalala paja panaikidwa anthu amaliseche, ndipo Beckett anakwiya. Mu 1984 gulu la American Repertory Theatre linasamutsira Endgame mu ngalande ya sitima zapansi panthaka, mkangano n'kufika poti m'kabuku ka owonerera munalembedwa mawu ake okana seweroli. Ku Miami mu 1956 Godot analengezedwa ngati chisudzo chophetsa phwete, anthu anabwera kudzaseka, ambiri n'kutuluka pakati. Komanso mbali inayo ilipo. Masiku oyamba ku Paris mu 1953, Beckett atamva kuti wosewera Estragon akugwirira buluku kuti lisagwe lonse, analembera kalata Roger Blin kulamula kuti ligwe mpaka m'mapazi. Ndiye amene mukukonza seweroli pa holo ya sukulu, zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri ndi zodziwika: kudzaza siteji ndi nsalu zojambulidwa mapiri, kuliritsa atengambali misozi, kuchita manyazi ndi nthabwala za zipewa zitatu ndi buluku, ndi kuthamangitsa malo opumira. M'malangizo ake kupuma pang'ono ndi kukhala chete ndi zinthu ziwiri zosiyana, amazilemba ndi mawu osiyana. Ine ndimati kupuma muwerenge masekondi atatu mumtima, chete apitirire kawiri pamenepo kapena kuposa, mpaka owonerera ayambe kusuntha pamipando. Amenewo ndi maganizo anga, si lamulo la mlembi. Iye atatsogolera yekha Godot ku Schiller Theater ku Berlin mu 1975 anajambula mayendedwe a atengambali m'makope ake, n'kunena kuti Estragon ndi wa mwala ndi nthaka, Vladimir ndi wa mtengo ndi kumwamba. Ngakhale pamenepo ankaganiza ndi zinthu zogwirika.

Chimene chimandiwawa ndi kaphunzitsidwe. Wounika masewero Martin Esslin anatulutsa buku mu 1961, The Theatre of the Absurd, limene linaika Beckett m'khola la dzina lomwelo pamodzi ndi alembi a masewero Ionesco, Adamov ndi Genet, ndipo kuyambira pamenepo dzina la khola limenelo lasanduka yankho la funso lililonse. Mphunzitsi amalemba dzinalo pabolodi, amalembetsa manotsi akuti moyo ulibe tanthauzo, ophunzira amaloweza, mayeso amafunsa kuti Godot akuimira chiyani, aliyense amakhoza, ndipo palibe amene waona kuti wotchi ya Pozzo inasowa. Chonsecho Alan Schneider, amene anatsogolera seweroli ku America, atamufunsa Beckett funso lomwelo, anayankhidwa kuti akanadziwa akananena m'seweromo. Vuto lina ndi nthawi. Beckett amaikidwa kumapeto kwa teremu, anthu atatopa, mayeso ali pakhomo, ndipo sewero lolembedwera makutu ndi maso limawerengedwa chamumtima usiku umodzi. Zoyankhula za Lucky, mawu mazana angapo opanda mpumiro, zimene zimatha pokhapokha amuvula chipewa, sizingamveke popanda wina kuimirira n'kuziyankhula mpaka mpweya kumuthera. Nthano zazitali zija ndiye sizitchulidwa n'komwe, ngati kuti munthuyu analemba sewero limodzi n'kumwalira, pamene anakhala akulemba mpaka chaka cha imfa yake, 1989. Sindikuti aphunzitsi ndi aulesi. Amene ali ndi kalasi yodzaza ndi silabasi yaitali amagwira chimene chili pafupi. Koma pepala la magawo atatu silifuna laibulale kapena intaneti, ndipo ndikukhulupirira kuti likhoza kugwira ntchito imene manotsi a masabata angapo amalephera.

Pali kamfundo kena kamene owerenga Baibulo angakagwire msanga kuposa akatswiri. Kumayambiriro kwa Godot, Vladimir amavutika ndi mbala ziwiri zopachikidwa pamodzi ndi Yesu: mwa alembi anayi a Uthenga Wabwino, mmodzi yekha ndiye amanena kuti imodzi inapulumuka. Ndi Luka. Apanso munthu akuwerengera, mmodzi mwa anayi, mmodzi mwa awiri. Beckett anauza Harold Hobson, wounika masewero, kuti amakonda chiganizo china chimene ankati ndi cha Augustine Woyera, choti usataye mtima chifukwa mbala imodzi inapulumuka, usadzitame chifukwa inayo inatayika, ndipo anati chimene chimamukoka ndi kaumbidwe ka ganizolo ngakhale asakulikhulupirira. Yang'anani mnyamata wa uthenga uja: iye amaweta mbuzi ndipo samenyedwa, mbale wake amaweta nkhosa ndipo amamenyedwa. Awiriawiri, wina mwayi wina tsoka, popanda chifukwa chonenedwa.

Komabe pepala langali lili ndi malire, ndipo malire oyamba ndi mtengo uja. M'gawo lachiwiri la Godot waphuka masamba anayi kapena asanu. Chimenecho ndi chowonjezera, ndipo gawo lachitatu la pepala lilibe pochilemba. Mwina masambawo angosokoneza nthawi, kuti "dzulo" la Vladimir likhale lokayikitsa. Mwina ndi nyambo, yoti anthu apitirize kudikira. Krapp's Last Tape, ya 1958, imavutanso. Krapp wa zaka 69 akumvetsera tepi imene anajambula ali ndi zaka 39, bokosi lachitatu, tepi yachisanu. Mawu a pa tepi akayamba kufotokoza masomphenya aakulu amene anaona usiku wa mkuntho pa doko, masomphenya ofanana kwambiri ndi a Beckett mwini a 1945, nkhalambayo imatukwana n'kuthamangitsa tepi kutsogolo. Imafuna gawo la mtsikana m'bwato, wokhala ndi kachilonda pantchafu kamene anadzikanda pothyola zipatso. Ukhoza kuwerengera nthochi, mabotolo, mabuku 17 okha amene anagulitsidwa, koma chimene chimapweteka m'seweroli sichili pa mndandanda. Ndipo mlembi amene akuseka masomphenya ake omwe, kodi akutichenjeza kuti tisawatenge ngati kiyi wa zonse? Ngati ndi choncho, akuseka ndi njira yangayi.

Kenako pali nkhondo. Beckett analowa m'gulu lobisika la Gloria SMH lolimbana ndi Ajeremani ku Paris. Gululo linaperekedwa mu Ogasiti 1942, mnzake Alfred Péron anagwidwa n'kutumizidwa ku msasa wa ukaidi wa Mauthausen ndipo anamwalira mu 1945 atangomasulidwa. Beckett ndi Suzanne anathawa, n'kukabisala ku Roussillon m'dera la Vaucluse, kumene ankagwira ganyu m'minda. Nkhondo itatha anakagwira ntchito pa chipatala cha Red Cross ya ku Ireland ku Saint-Lô, tawuni imene mabomba anaisandutsa bwinja, ndipo imodzi mwa ntchito zake kumeneko inali yoyang'anira sitolo ya katundu. Munthu wowerengera katundu weniweni. Mu Godot wa Chifalansa Vladimir amatchula Roussillon ndi dzina la mlimi amene anamukololera mphesa. Mu wa Chingerezi dera lasinthidwa ndipo dzina la mlimiyo Vladimir waliiwala. M'kope loyamba lija Estragon ankatchedwa Lévy, dzina lachiyuda, lisanachotsedwe. Ndiye karoti womaliza uja, nsapato zothina, kugona mu dzenje, kumenyedwa usiku ndi anthu osadziwika, kudikira uthenga wa munthu amene simunamuonepo nkhope, n'kutheka kuti si luso la kuchotsa lokha, ndi njala ndi mantha zimene anazidziwa. Akaidi a ku ndende ya San Quentin ku America ataonera seweroli mu 1957 analimva popanda pepala lililonse, ndipo John Kani ndi Winston Ntshona atalisewera ku Baxter Theatre ku Cape Town mu 1980, mu nthawi ya tsankho, owonerera sanafune wowauza kuti kudikira n'chiyani.

Apa ndi pamene ndaima. Pepala limandiuza chimene chachotsedwa ndi tsamba lake, koma silindiuza ngati anachichotsa pofuna kuti seweroli likwane paliponse, kapena chifukwa panali zinthu zimene sankafuna kuzitchula dzina. Mwina zonse ziwiri, ngakhale yankho lotero limandinunkhira ulesi. How It Is, ya 1961, yopanda zizindikiro za m'kalembedwe, ya munthu wokwawa m'matope ndi thumba la zakudya za m'zitini ndi chotsegulira, ikuoneka kuti idzalowa bwino m'magawo atatu aja. Zolemba zomalizira, monga Worstward Ho ya 1983, m'mene ngakhale zinthu zoti uziwerengere zatsala pang'ono kutheratu, ndikukayika ngati gawo loyamba lidzakhale ndi cholembamo, ndipo likakhala lopanda kanthu sindikuona bwino kuti munthu angayambire pati.